Kuchoka pa Ng'oma Kufika pa DJ: Ukwati wa kwa Makanjira

Kale kwa Makanjira, kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, akuluakulu sankasankha woimba ng'oma poona kukula kwa ng'oma yake. Ankafuna munthu wodziwa mudzi: wodziwa gule wa amayi, wodziwanso nthawi yoleka kuti anthu akaswali.

Zoimbira zachilendo sizinayambe lero kuno. Ankhondo a Mfumu Makanjira anapha Captain Cecil Maguire mu 1891, komabe itatha nkhondo yaikulu mu 1918, Ayao anakonda beni, gule wotsanzira perete wa asilikali wochokera kugombe la Aswahili, namusandutsa wawo. Pambuyo pake kunadza galamafoni, wailesi ya kaseti, kenaka DJ ndi zimkuzamawu zake zoyendera jenereta.

Zida zinasintha, koma funso ndi lomwe lija. Pa perekaniperekani, wotsogolera mwambo akaitana akuchimuna kapena akuchikazi, DJ ndiye amawadzutsa pamipando. Akaika nyimbo yomwe gulu loitanidwalo siliidziwa, anthu amangokhala, ndipo ndalama zoyambira banja zimatsalira m'matumba. Akaika nyimbo yolaula apongozi ali pomwepo, manyazi amagwera eni ukwati, iye atalandira kale zake.

N'chifukwa chake ankhoswe anzeru amayamba akamuona DJ pa ukwati wina, namuuza nyimbo za Chiyao zofunika, zosayenera, ndi nthawi ya mapemphero, asanalipire. Sakopeka ndi phokoso la zida, paja akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.