Kulimbirana mkati pa masewera ogwetsana

Kulimbirana mkati, komwe pa Chingerezi amati pummeling, ndi luso la masewera ogwetsana limene wosewera amayesetsa kulowetsa mikono yake m'khwapa mwa mnzake. Amene walowetsa mikono yonse iwiri amatha kukolowola manja kumsana kwa mnzakeyo, kumunyamula ndi kumugwetsa. Winayo mphamvu zimamuchepera chifukwa zigongono zake zakankhidwira m'mwamba.

Kaphunziridwe

Ongoyamba kumene amaima awiriawiri atagundanitsa zifuwa, aliyense mkono wina uli mkati, wina kunja. Kenako onse amalowetsa dzanja lakunjalo m'khwapa mwa mnzawo ngati akusambira, n'kusinthana mbali. Poyamba amachita pang'onopang'ono osalimbana, ndipo akazolowera amayamba kupikisana. Mawondo amakhala opinda pang'ono, msana wowongoka, zigongono pafupi ndi nthiti. Chigongono chikatalikirana ndi thupi, mnzake amapeza polowera.

Masewera omwe lusoli limafunika

Lusoli ndi lofunika kwambiri pa Greco-Roman, mtundu wa kugwetsana umene malamulo ake amaletsa kugwira mnzako kumunsi kwa chiuno. Mtunduwu wakhala ukuseweredwa pa Olimpiki iliyonse kuyambira ya ku London mu 1908.

Pa judo, yomwe Jigoro Kano anayambitsa ku Japan mu 1882, osewera amalimbirana pogwira kolala ndi manja a chovala, ndipo kagwiridweka amakatchula kuti kumi-kata. Harriet Bonface anaimira Malawi pa judo ya amayi osapitirira makilogalamu 48 pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021.