Makobiri Akale a m'Mapiri a Dowa ndi Nchisi

M'maiko ambiri alipo anthu amene amasonkhanitsa ndalama zacitsulo zoleka kugwira nchito, nazigula ndi kuzigulitsa monga acitira anthu a mbuzi pa msika wa Mponela. Mphunzitsi wa kumudzi, amene malipiro ace safika kumapeto a mwezi, akamva zimenezi mtima umamudumpha, pakuti adziwa kuti m'nyumba za agogo muli tizitini ta makobiri osagulanso kanthu. Inu amene muli kukonzekera nchito ya uphunzitsi mudzakomana nawo makobiri otere, ndipo ena adzakufunsani mtengo wace poyesa kuti mphunzitsi adziwa zonse. Yankho lace liri m'mbiri. Munthu wosadziwa njira imene ndalama zinadzera pofika m'mapiri muno adzagula mkuwa pa mtengo wa siliva, kapena adzataya siliva pa mtengo wa mkuwa.

Makolo athu analibe kobiri. Ankasinthana makasu, mcere, mikanda ndi nsaru, ndipo mikanda ndi nsaruzo zambiri zinkakwera mapiri kucokera kunyanja, makamaka kwa Jumbe ku Nkhotakota. Liu lakuti ndalama ndi mlendo amene anadza ndi malonda a kugombe, ndipo muzu wace uli m'dzina la ndalama ya Aluya, dirham. Liu lakuti kobiri linadza pambuyo, kucokera ku dzina la mkuwa m'cinenero ca Angerezi. Phunziro la cinenero likhoza kuyambira pomwepa, pakuti mau awiriwa asonyeza kuti alendo a malonda anafika kawiri, oyamba a kum'mawa, otsatira a ku Ulaya.

Cinthu cimene anthu ambiri a ku Dowa sacidziwa ndi ici, kuti ku Mvera kunapangidwapo ndalama. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga misyoni kumeneko m'caka ca 1889, m'dziko la mfumu Ciwere. Pofuna kulipira anthu oumba njerwa ndi onyamula akatundu, amisyoni anabvutika, cifukwa nsaru yosenzetsa pamutu kucokera kunyanja inkatha msanga, ndipo ndalama ya Boma inali isanawande. Tsono anakonza timakobiri tao ta lata, nadindapo malembo awiri, MM, ndiko kunena Mvera Mission. Wanchito akalandira, ankagula nato nsaru kapena mcere ku sitolo ya misyoni, ndipo m'midzi yozungulira anthu anayamba kulandirana tokha. Pambuyo pace Boma linaletsa, pakuti palibe boma lokonda kuona munthu wina ali kusula ndalama m'dziko lace. Lata sacedwa kucita dzimbiri, ndipo kanthu kosagulanso mcere palibe anakasamala. Cifukwa cace kakobiri konyozeka kameneka ndi kosowa kwambiri.

Cimene cinakakamiza anthu kufuna ndalama ya Boma ndi msonkho. Dziko linalowa m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1891, ndipo m'caka ca 1894 msonkho wa nyumba unaikidwa pa masheleni 3. Anyamata anatsika kukagwira nchito ku Blantyre, ena nafika ku Salisbury ndi ku Joni. A ku migodi ya Joni m'masiku oyambawo ankabwera ndi mapaundi agolidi, kandalama kakang'ono kolemera magalamu 8, kamene ena anasula ku Pretoria kuyambira 1923 kufikira 1932. Kenaka kunadza fodya wocita kuwamba ndi utsi, amene anafala m'maboma a Lilongwe ndi Dowa m'zaka za m'ma 1920, ndipo Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board m'caka ca 1926. Pa nyengo ya msika mlimi ankabwerera kumudzi ndi masheleni m'kathumba, ndipo popeza banki inali kutali, mphika wokwirira pansi pa nyumba ndiwo unali banki yace. Ena anamwalira osaulula pamene anakwirira.

Apa ndipo pofunika kuchera khutu, pakuti phindu lonse la wogula wosauka lagona m'zaka zodindidwa pa ndalamazo. Ndalama zoyera za ku Britain zosulidwa cisanafike caka ca 1920 ndi siliva weniweni, magawo 925 mwa 1000. Kuyambira 1920 kufikira 1946 siliva anatsika nafika theka. Kuyambira 1947 mulibemo siliva ndi pang'ono pomwe, koma mkuwa wosanganiza ndi nikelo, woyera m'maso cabe. Taonani hafukoloni, ndalama ya masheleni awiri ndi sikisipensi, yolemera magalamu 14. Ya 1915 iri ndi siliva wokwana magalamu 13, ya 1930 magalamu 7, ya 1950 iribe. Zonse zitatu zinkagula nsaru yofanana m'sitolo ya Mmwenye, koma kwa wogula siliva ziri zinthu zitatu zosiyana. Ana a Sitandade 6 akhoza kupeza masamu abwino m'nkhani imeneyi.

Dziko la Southern Rhodesia linayamba kusula ndalama zace m'caka ca 1932, ndipo zinayenda kuno pamodzi ndi za ku Britain. Nazonso ziri ndi siliva kufikira 1946, zoyambazo wambiri, zotsirizazo theka. Mwa izi, ya masheleni awiri ya 1946 ndi yosowa, ndipo osonkhanitsa amaifuna kopambana zinzace. Ndiwonso a Southern Rhodesia anabweretsa kobiri la boo pakati, limene amai ankalitunga pa cingwe monga mikanda kuti lisatayike pa ulendo wa kumsika.

Za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, ndizo zopezeka kwambiri m'tizitini tija. Zinayamba kuturuka m'caka ca 1955. Pa kobiri pali njobvu ziwiri, pa hafupeni akadyansonga, pa tiki duwa, pa sheleni mphalapala ya nyanga zokhota, pa masheleni awiri nkhwazi itagwira nsomba. Nzokongola ndithu, ndipo ine ndiyesa kuti palibe ndalama ina inayenda kuno yoposa nkhwazi ija kukoma kwace. Koma kukongola si kusowa. Zinasulidwa zambirimbiri, ziribe siliva, ndipo kobiri lofufutika la njobvu mtengo wace ndi wocepa ngakhale ku London. Mphekesera zimamveka kawirikawiri zakuti kobiri la boo liri ndi golidi m'kati, kapena kuti kuli Mzungu wina wogula limodzi pa mtengo wa galimoto. Mzungu ameneyo amakhala nthawi zonse m'boma lina, ndipo wonena za iye ndiye amene ali ndi makobiri ogulitsa. Anthu atayapo ndalama za feteleza pa bodza lotere.

Ndalama zoyamba za Malawi ziri ndi caka ca 1964 ndi mutu wa Dr. H. Kamuzu Banda. Kuseri kwace sikisipensi iri ndi tambala, sheleni cimanga, ya masheleni awiri njobvu, hafukoloni cizindikiro ca dziko. Ya masheleni asanu inaturuka m'caka ca 1966, pokumbukira tsiku la 6 July limene dziko linakhala Repabuliki, ndipo kobiri linatsatira m'caka ca 1967. Zinakhala zaka zowerengeka cabe, pakuti m'caka ca 1971 kunadza kwacha, imodzi yolingana ndi masheleni 10. Cimanga cija cinasamukira pa 10 tambala, njobvu pa 20 tambala, kuti anthu a kumudzi asasokonezeke powerenga. Nazonso izi ziribe siliva, koma osonkhanitsa a kunja amazifuna zikakhala zonse zinai pamodzi, zosafufutika, tsitsi la pamutu likuoneka bwino.

Tsono munthu wa ndalama zocepa ayambe bwanji? Asayambe ndi kugula. Ayambe ndi kuwerenga zaka, napatule zoyera za 1946 ndi za m'mbuyo mwace, afunse mtengo wa siliva wa tsiku limenelo, nawerengere yekha. Pamenepo sangagwe kwambiri, cifukwa siliva ali ndi womgula ngakhale nkhope ya mfumu itafufutika. Mitengo yolembedwa m'mabuku a osonkhanitsa ndi pa intaneti asaikhulupirire msanga. Imeneyo ndi mitengo ya ndalama zonga zaturuka dzulo kosulira, ndipo wogula wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzacotsapo phindu lace, mtengo wa basi nudya cotsalaco. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo asayese kuwalitsa ndalama ndi phulusa, mcenga kapena ndimu monga ticitira ndi mapoto. Kuda kwa ndalama yakale ndiko cobvala cace, ndipo yokwecedwa imatsika mtengo nthawi yomweyo.

Pali cinthu cina cimene sindingacisiye. Amene ali ndi ndalama zimenezi kawirikawiri ndi nkhalamba zosawerenga, ndipo mphunzitsi wogula hafukoloni ya siliva pa mtengo wa sopo adzadziwika m'mudzimo msanga, pakuti mudzukulu wa nkhalambayo ali m'kalasi mwace. Kunena mtengo woona ndi kutengapo gawo lomvana kumapindulitsa pang'ono, koma cimatsegula zitseko za nyumba zina. Za kufukula m'manda kapena m'mabwinja a mafumu, mwambo ukana, ndipo malamulo a dziko oteteza zinthu zakale akananso.

Mukatumidwa ku sukulu za kufupi ndi Mvera, kapena ku Kongwe kumene misyoni inamangidwa m'caka ca 1894, kapena kukwera mpaka ku Nchisi, uzani ana abwere ndi makobiri a kwao tsiku limodzi, muwerenge pamodzi, ndipo abwerere nawo. Pakapezeka kalata kozungulira ka malembo MM, musakagulitse kwa woyamba kufunsa. Lembani m'kope dzina la mudzi, malo amene kanatoledwa, ndi zimene akulu a banjalo akumbukira za amene anakalandira ndi nchito imene anagwira. Mukatero dziwitsani a nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri, ku Blantyre.