Mbiri ya kuwerengera kutentha kwa zipangizo zamagetsi pakompyuta

Anthu ambiri amakhulupirira kuti laputopu ikamatentha ndiye kuti fani yake yafooka, koma mbiri ikusonyeza kuti nthawi zina vutoli limayamba chipangizocho chikadali pa pulani.

Masamu ofotokoza mmene kutentha kumayendera m'zinthu anawasindikiza Joseph Fourier ku France mu 1822, koma kwa zaka zoposa 100 anali ovuta kuwerengera pamanja ngati chinthucho chili ndi makona ndi zigawo zambiri. Zinthu zinasintha makompyuta atabwera, ndipo mu 1960 Ray Clough anapereka dzina loti finite element ku njira yogawa chinthu m'tizidutswa tambirimbiri timene kompyuta imawerengera kamodzikamodzi kenako n'kuphatikiza mayankho. Mu 1970 John Swanson anakhazikitsa ku Pennsylvania kampani imene inapanga pulogalamu ya ANSYS yogwiritsa ntchito njirayi, pamene kampani ya COMSOL inayamba ku Stockholm mu 1986 ndipo pulogalamu yake ya FEMLAB, yotuluka mu 1998, inatchedwa COMSOL Multiphysics mu 2005. Mawu oti multiphysics amatanthauza kuwerengera nthawi imodzi zinthu zingapo monga magetsi odutsa m'tchipi, kutentha kumene amabala, mpweya wozizitsa ndiponso kufutukuka kwa zitsulo, pakuti chilichonse mwa izi chimasintha chinzake.

Kufunika kowerengera zonsezi pamodzi kunaonekera mu 2007, pamene kampani ina yopanga makina a magemu a pa TV inapatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera makina amene ankafa m'nyumba za ogula, n'kuwonjezera chitsimikizo chake kufika zaka 3. Chimene chinkapha makinawo si kutentha kwa tsiku limodzi ayi, koma kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza: tchipi ndi kabolodi kamene kamaichirikiza zimafutukuka mosiyana, motero timfundo towotcherera tolumikiza ziwirizi tinkatopa pang'onopang'ono mpaka kusweka. Ngozi zotere zimachuluka pamene mpikisano wofulumira kufika pamsika wachititsa kuti kutentha kuganiziridwe kumapeto, mopatukana ndi kulimba kwa zipangizo.

Mapulogalamu a masiku ano ndi amphamvu, koma mayankho ake amadalira manambala amene injiniya waikamo, ndipo sangalowe m'malo mwa kuyesa chipangizo chenicheni mu labotale. Kampani imene imawerengera kutentha kuyambira pa pulani yoyamba imateteza ogula ake, pamene yozengereza imawasenzetsa mtolo wa zolakwa zake.