Guendolen ndi Wissmann pa Nyanja Yathu

Munthu wocokera ku Mzuzu akatsika mapiri kupita ku Nkhata Bay, afika pa dooko limene sitima ya nkhondo ya Angerezi, dzina lace Guendolen, inanyamukapo m'mwezi wa August 1914.

Tiyambe tadziwa ici: sitima yaikuru siingafike pa nyanja yathu yathunthu, cifukwa ca mathithi a mtsinje wa Shire. Zonse zinabwera zidutswa-zidutswa. Ilala yoyamba ya 1875 anaisenza pamutu amtengatenga mazana ambiri. Guendolen anailumikiza ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, ndipo inayamba nchito mu 1899. Motero citsulo cimodzi cikathyoka, amisiri ankayesa kusula cina pompano. Zikakanika, ankadikira miyezi kuti cibwere kucokera ku Ulaya.

Ajeremani nawonso anali ndi sitima yao, Hermann von Wissmann. Pamene nkhondo inabuka, Boma la ku Zomba linalamula Kaputeni Rhoades kuti akaifunefune. Iye anaoloka nyanja, naipeza ku Sphinxhaven, kumene tsopano ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Anaipeza ili pamtunda, akuikonza. Guendolen inaomba mzinga wace. Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades, anapalasa bwato kudzafunsa za cipongwe cimeneci, pakuti uthenga wa nkhondo unali usanamfike. Anamgwira pomwepo.

Tsono taonani cimene Angerezi anacita. Sanavutike kuimiza sitimayo: anangocotsa mzinga wace ndi zitsulo zina za injini, nabwerera nazo. Ine ndiyesa kuti nzeru yeniyeni ya tsiku lija inali imeneyi, kuposa kuomba kuja. Ajeremani analibe kotenga zitsulo zina msanga, ndipo sitima yao inangokhala ngati nkhokwe ya pagombe. Cifukwa ca ici Angerezi anatumiza asilikari ndi katundu pa nyanja mpaka ku Karonga mopanda mantha, ndipo kumeneko kunamenyedwa nkhondo pa 9 September 1914. Koma poopa kuti adani angaikonzenso, anabwereranso mu May 1915 naiononga kwambiri.

Sitima za nkhondo za masiku ano, zimene Azungu azicha frigate, zimaponya mizinga youluka yodzilondolera yokha, koma nazonso zimagona pa dooko citsulo cacing'ono cikasowa. Kampani ya Yarrow ya ku Scotstoun, pafupi ndi Glasgow, imene inamanga zambiri zotere, ndiyo inapanganso Ilala yaciwiri mu 1949. Iyonso inabwera m'zidutswa, niyamba kuyenda mu 1951.

Guendolen yokhayo kulibenso, anaiphwasula kalekale. Mzinga wace anauimika ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wochi, moyang'ana mtsinje wa Shire.