Mafunso ndi Mayankho: Adayambitsa ndani zoti matimu azivala mitundu yosiyana?

FUNSO: Pa bonanza ina kwathu kuno matimu awiri adafika onse atavala majezi ofiira. Mkangano udabuka, ena akuti alendo ndiwo asinthe, ena akuti lamulo limafuna kuti timu imodzi izivala zoyera. Mapeto ake timu ina idasewera chibadwire cha kumtunda. Kodi mwambowu udachokera kuti, nanga lamulo likuti chiyani? — Wowerenga wa ku Golomoti, Dedza

YANKHO: Amene ankaumirira zoyera aja adaphonya. Lamulo lachinayi la mpira wa miyendo limangofuna kuti matimu awiriwo asiyane, asiyanenso ndi oimbira, ndipo goloboyi aliyense asafanane ndi wina aliyense wa osewera m'kati. Ofiira akhoza kukumana ndi abuluu popanda vuto. Lamulo lomwelo limatinso wosewera avale malaya a manja, choncho zovula malaya zija n'zapadambo, si za mpikisano weniweni.

Mpira wa malamulo olembedwa udayambira ku England, kumene bungwe la FA lidakhazikitsidwa mu 1863. Masiku amenewo munthu ankalowa m'bwalo ndi chilichonse chimene ali nacho, ndipo anzake ankawazindikira ndi zipewa kapena kansalu komangira. Pamene Scotland ndi England zinkakumana koyamba ku Glasgow mu 1872, Scotland idavala buluu wakuda, England zoyera. Ligi ya ku England itayamba mu 1888, matimu adachuluka ndipo mitundu idayamba kuwombana. Akuluakulu adayesa kuletsa matimu awiri kulembetsa mtundu umodzi, koma kenaka adangolamula kuti timu iliyonse izikhala ndi majezi ena apadera. Chodabwitsa n'chakuti poyamba amene ankasintha anali eni bwalo. Mu 1921 m'pamene udindowu udagwera alendo. Goloboyi naye adapatsidwa mtundu wakewake mu 1909.

Nanga zoyerazi zidakula bwanji? Makanema akale sankaonetsa mitundu. Jezi yofiira ndi yabuluu zinkaoneka zotuwa zonse, motero pa masewero akuluakulu ankakonda kuti timu ina ivale zowala, ina zakuda.

Zimene mudaona ku Golomoti zidachitikaponso pa World Cup. Mu 1978 ku Argentina, France ndi Hungary adatulukira onse ndi zoyera mumzinda wa Mar del Plata. Masewero adachedwa kuyamba, mpaka France idachita kubwereka majezi a mizere yobiriwira ndi yoyera ku timu ya komweko ya Kimberley. Idapambana 3-1 m'zovala za eni. Mu Epulo 1996 Manchester United idagwa m'vuto lina. Itavala zotuwa ku Southampton, idamwa zigoli zitatu chigawo choyamba, ndipo mphunzitsi wake Alex Ferguson adalamula anyamata ake kusintha majezi popuma, ponena kuti sankaonana bwino m'bwalo. Idagonjabe 3-1, koma jezi yotuwayo sidavalidwenso.

Kwathu kuno, Bullets ndi Wanderers zikakumana palibe chovuta: Maule ndi ofiira, Manoma ndi abuluu. Koma Wanderers ikakumana ndi Silver Strikers, onse a buluu ngakhale wosiyana kuwala, nkhani ya majezi imafunika kukambirana masewero asanayambe. Woyenera kusintha amatchulidwa ndi malamulo a mpikisano womwewo, osati malamulo a mpira. Ndiye ngati okonza bonanza yanu sadanenepo kanthu, olakwa ndi iwowo, osati alendo.

Ine ndikuti kusiyana mtundu kokha sikukwanira. Mwamuna mmodzi mwa 12 alionse amavutika kusiyanitsa mitundu ina, makamaka wofiira ndi wobiriwira, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi vutoli. Onjezani fumbi la mabwalo a m'chigwa cha Bwanje mu Okutobala, majezi a pa kaunjika amene adasuluka ndi dzuwa, ndi masewero oyamba mochedwa mpaka dzuwa kubisala kuseri kwa mapiri a Dedza. Wosewera wothamanga ndi mpira sayang'ana nkhope, amangoona mtundu m'mbali mwa diso n'kupatsira. Pamenepo ofiira ndi obiriwira akhoza kupatsirana mpira ngati apachibale. Okonza mpikisano ku Mtakataka, Mua ndi Golomoti azifunsa mtundu wa majezi tsiku lolembetsa matimu, ndipo pa ndime iliyonse timu imodzi izivala zowala, ina zakuda.