Momwe akazitape adaululira bomba la nyukiliya la South Africa

Ukazitape wa zida za nyukiliya ndi ntchito yofufuza mwachinsinsi ngati dziko lina likupanga mabomba amtunduwu, kuchuluka kwake komanso cholinga chake. Akazitapewa amadalira zithunzi za setilaiti, makina omva kugwedezeka kwa nthaka, fumbi lotengedwa mumlengalenga ndi anthu a m'kati oulula zinsinsi.

Chitsanzo chapafupi ndi Malawi ndi dziko la South Africa m'nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Dzikolo linkapeza uranium kuchokera m'miyala ya m'migodi ya golide ya ku Joni, migodi yomwe Amalawi ambiri, kuphatikizapo a ku Chikwawa ndi Nsanje, ankapita kukakumba kudzera ku Wenela. Boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967.

Mu 1977, setilaiti ya Soviet Union idajambula malo oyeserapo bomba ku Vastrap, m'chipululu cha Kalahari. Moscow idadziwitsa America, yomwe idatsimikiza nkhaniyi ndi zithunzi zake. America ndi France ataopseza Pretoria, kuyesako kudalephereka.

Pa 22 September 1979, setilaiti ya America yotchedwa Vela idaona kung'anima kuwiri kotsatizana pafupi ndi zilumba za Prince Edward, chizindikiro chodziwika cha kuphulika kwa nyukiliya. Gulu la akatswiri lomwe boma la Jimmy Carter lidasankha lidati mwina sikudali kuphulika kwa bomba, koma ofufuza ambiri amakhulupirira kuti Israel idayesa bomba mogwirizana ndi South Africa. Mu 1983, Dieter Gerhardt, mkulu wa asilikali apamadzi ku Simon's Town, adamangidwa atapezeka kuti kwa zaka zambiri ankapereka zinsinsi ku Moscow.

Chinsinsi chidatha pa 24 March 1993, pomwe Pulezidenti F.W. de Klerk adauza nyumba ya malamulo kuti dzikolo lidapanga mabomba 6 ndipo lidawaphwasula onse. Bungwe loona za nyukiliya la IAEA lidafufuza ndi kutsimikiza.

Akazitape amaphonyanso. Nkhondo ya ku Iraq ya 2003 isanayambe, America idati Saddam Hussein ankafuna kugula uranium ku Africa, koma IAEA idapeza kuti zikalata zonena za malonda a uranium ndi dziko la Niger zidali zopeka. Nkhondo idachitikabe, ndipo zidazo sizidapezeke.

Malawi alibe zida za nyukiliya, koma ali ndi uranium ku Kayelekera m'boma la Karonga, komwe mgodi udatsegulidwa mu 2009. Dziko lino lili m'pangano la Pelindaba loletsa zidazi mu Africa, ndipo lamulo la 2011 lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority. Choncho imodzi mwa ntchito za bungweli, apolisi ndi akazitape ndi kuonetsetsa kuti miyala yotereyi isatuluke kapena kulowa mozemba pa zipata monga Songwe, Mwanza ndi Marka ku Nsanje.