Njira ya ku Kilwa: ulendo wongoona maiko, kapena wofuna maphunziro?

Kutamandidwa konse nkwa Allah. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Makampani okopa alendo amakonza maulendo oyendera mizinda yakale ya m'mphepete mwa nyanja yamchere: Ilha de Moçambique, Kilwa ndi Zanzibar. Amakupezerani galimoto, pogona ndiponso munthu wokuperekezani amene amafotokoza za nyumba iliyonse. Mphunzitsi wa madrasa kwa Chimaliro kuno ku Thyolo, atafuna kutenga ophunzira ake pa ulendo wotere, angayambe wakumana ndi funso limene lili m'mabuku a Fiqh omwe iye amaphunzitsa. Buku la Fath al-Mu'in, limene Zayn al-Din al-Malibari adalemba m'zaka za m'ma 1500 potsata madhhab a Imam Shafi'i, likunena kuti munthu amene wanyamuka kuti akangoona maiko basi saloledwa kupungula Swalah, malinga ndi ganizo limene bukulo likuliyesa lolondola. Chifukwa chake nchakuti chilolezo cha wapaulendo chimafuna cholinga chomveka. Kufunafuna maphunziro ndi cholinga chomveka, ndipo Qur'an yolemekezeka, monga mu Surah Al-Imran 3:137 ndi Surah Ar-Rum 30:42, ikulamula kuyenda padziko ndi kulingalira mathero a anthu akale. Choncho maulendo awiriwa amasiyana pa zimene munthu wadziwa asananyamuke ndi zimene wakonzeka kukafunsa.

Mbiri ya njirayi ikuyambira pafupi ndi kwathu. Munthu akaima pamtunda m'minda ya tiyi kukuwala bwino, amaona phiri la Mulanje. Pakati pa phirilo ndi la Mchese pali mpata umene amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankadutsa polowera ku Quelimane. Mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda ndiwo ankalamulira dera limenelo, ndipo m'chaka cha 1893 boma la Harry Johnston lidamanga linga la Fort Lister kuti litseke mpatawo. Zipupa zake zogumuka zilipo mpaka lero. Tiyi adafika ku Thyolo pambuyo pake, cha m'ma 1908, ndipo ambiri mwa omwe adalima minda imeneyi pansi pa thangata adali Alhomwe ochokera ku Mozambique. Wophunzira wa kwa Chimaliro akawoloka malire, akulowera kumene agogo a anthu ambiri a m'mudzi mwake adachokera.

Malo achiwiri ndi kunyanja. Ku Nkhotakota, cha m'ma 1840, kudakhazikika Salim bin Abdallah, Mswahili amene adayambitsa ufumu wa a Jumbe. Iye adabweretsa mzikiti, kulemba m'zilembo za Chiarabu ndi ulimi wa mpunga wochuluka. Yemweyo adalinso ndi zombo zowolotsa akapolo kupita kutsidya, kumene ankayamba ulendo wa miyezi wopita ku Kilwa. Woperekeza alendo adzakuonetsani mtengo wa mkuyu umene David Livingstone akuti adakumanirapo ndi Jumbe, koma wophunzira afunsenso za Mtumwa binti Ali, mayi wophunzira amene adabwerera kuchokera ku Zanzibar m'chaka cha 1929 ndi kufalitsa Twariqa ya Qadiriyya m'tauniyi. Ku Mangochi kuli dera la Makanjira, mfumu ya Chiyao imene idalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndi la Mponda. Kumeneko kudagwira ntchito Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, mwana wa wamalonda a minyanga, amene adakaphunzira ku Kilwa nabwerera m'zaka za m'ma 1880, komanso Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje. Masheikh ambiri a m'dziko muno akatsata mzere wa aphunzitsi awo amakafika kwa awiriwa.

Kuchoka ku Mangochi, msewu umatulukira pa Chiponde kulowa m'chigawo cha Niassa, kumene kudali Mwembe, likulu la Mataka. Livingstone adafika kumeneko mu 1866 napeza nyumba zomangidwa motengera za kugombe. Kummwera kwake kuli Cuamba, pa njanji yopita ku Nampula, ndipo kuchokera ku Nampula galimoto imakafika pa mlatho wa makilomita oposa 3 wolowera pa chilumba cha Ilha de Moçambique. Vasco da Gama atafika pano mu 1498 adapeza mudzi wa Asilamu wokhala ndi Sheikh wake. Apwitikizi adalanda chilumbachi, nayamba kumanga linga la São Sebastião mu 1558, ndipo chidakhala likulu lawo kufikira 1898. Alendo ambiri amatsirizira ulendo wawo mbali ya nyumba zamiyala. Wophunzira wa Chisilamu atsikire mbali inayo, yotchedwa Macuti, kumene kumakhala Amakuwa ambiri, Asilamu olankhula chinenero chapachibale ndi Chilhomwe. Twariqa ya Shadhiliyya idafika pachilumbachi cha m'ma 1897 kudzera mwa Muhammad Ma'ruf wa ku Comoros, ndipo Qadiriyya idatsatira patapita zaka zochepa. Pa doko lomweli padakwezedwa akapolo ambiri a Chimakuwa ndi Chilhomwe m'zombo za Apwitikizi, za ku Brazil ndi za Afalansa. Malonda oipawa sadali a mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi.

Pamapu Kilwa imaoneka ngati ili pafupi kumpoto kwa Ilha, koma njira ya m'mphepete mwa nyanja imadutsa Cabo Delgado, kumene kwakhala nkhondo kuyambira mu 2017. Kudziteteza ndi lamulo la Shariah, choncho nkwabwino kuugawa ulendowu pawiri, ndi kulowa m'Tanzania kudzera pa Songwe, Mbeya ndi Dar es Salaam.

Kilwa Kisiwani ndi chilumba chimene bungwe la UNESCO lidachiika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1981, pamodzi ndi Songo Mnara. Pali mabwinja a mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, ndi nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa. Chuma cha mzindawu chidachokera ku golide wa ku Zimbabwe wodutsira pa Sofala, ndipo ndalama yachitsulo ya Sultan al-Hasan bin Sulaiman idapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe. Ibn Battuta, amene adachoka kwawo ku Tangier mu 1325, adafika ku Kilwa mu 1331. Iye adalemba kuti anthu ake adali opembedza, otsata madhhab a Imam Shafi'i, ndipo adatama Sultan chifukwa cha kupatsa kwake. Apa tikuona kuti madhhab amene Asilamu ambiri a m'Malawi adalandira adali atazika kale mizu kugombeko zaka 500 Jumbe asanafike ku Nkhotakota. Koma Ibn Battuta yemweyo adalembanso kuti Sultan ankathira nkhondo anthu a kumtunda, ndi kuti mwa mphatso zake mudali akapolo. Mzindawu udagwa m'manja mwa Francisco de Almeida mu 1505.

Pali chinthu chimene woperekeza alendo angachidumphe mukapanda kufunsa. Kilwa imene makolo athu ankaidziwa si ya pachilumbayi. M'zaka za m'ma 1800 malonda adali atasamukira ku Kilwa Kivinje, tauni ya pamtunda kumpoto pang'ono, ndipo kumeneko ndiko kunkathera maulendo a Ayao. Anthu zikwizikwi ochokera m'mbali mwa nyanja yathu ankagulitsidwa kumeneko chaka ndi chaka. Amang'anja, Achewa ngakhalenso Ayao anzawo adafera m'njira. Amene wafika pa Kisiwani osaponda pa Kivinje waona ulemerero wa masultani, koma mbiri ya kwawo waisiya kumbuyo.

Malo omaliza ndi Zanzibar. Kummwera kwa chilumbachi, mu mzikiti wa Kizimkazi, muli malemba osema a chaka cha 500 Hijri, chomwe ndi 1107. Seyyid Said wa ku Oman adasamutsira likulu lake kuno cha m'ma 1840, nthawi yomwe a Jumbe ankakhazikika kwathu, ndipo zinthu ziwirizi nzolumikizana: minda ya zonunkhira ndi misika ya minyanga ya ku Zanzibar ndizo zinkakoka amalonda kulowa mkati mwa Africa. Msika wa akapolo udatsekedwa mu 1873 mu ulamuliro wa Sultan Barghash, ndipo pamalopo padamangidwa tchalitchi cha Anglican. Mumzinda womwewo mudakhala maulama akuluakulu a Chishafi'i, monga Qadhi Ahmad bin Sumayt ndi Sheikh Abdallah Bakathir, onse omwalira mu 1925.

Tikaphatikiza malo onsewa tikupeza kuti njira imodzi idanyamula zinthu ziwiri. Idabweretsa Qur'an, Fiqh ndi luso la kulemba, ndipo idachotsa anthu m'midzi mwawo atamangidwa magoli. Ena amabisa zaukapolozi poganiza kuti akuteteza Chisilamu, pamene ena amangotchula zomwezo pofuna kuchinyoza. Wophunzira wa mbiri anene zonse ziwiri, ndipo ali nacho choyezera. Mu Hadith yomwe adailandira Imam Bukhari, wogulitsa mfulu ndi kudya mtengo wake akutchulidwa mwa anthu atatu omwe Allah adzatsutsana nawo pa tsiku la Qiyamah. Ahmad Baba wa ku Timbuktu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, adalemba fatwa yotsutsa kugwira Asilamu omwe ndi mfulu ndi kuwasandutsa akapolo. Kuba anthu m'midzi chifukwa cha nsalu ndi mfuti kudali kulakwira malamulo omwe masheikh a pa njira yomweyo ankaphunzitsa.

Tsono amene watsimikiza zonyamuka akumbukire malamulo ochepa awa a madhhab a Shafi'i. Kupungula Swalah za marakaa anayi kukhala awiri kumaloledwa pa mtunda wa mafarsakh 16, omwe ndi makilomita oposa 80 pang'ono, ndipo kumayamba munthu akatuluka m'mudzi mwake. Dhuhr ingaphatikizidwe ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Akatsimikiza zokhala pamalo amodzi masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka, chilolezocho chimatha. Kwa Ahanafi malire ake ndi masiku 15, ndipo nkofunika kudziwa zimenezi poyenda ndi abale a madhhab amenewo. Yemwe ali ndi ngongole yoti nthawi yake yakwana, ali nazo zobwezera, asanyamuke mwini ngongole asanamulole. Pa nkhani ya manda a masheikh, kuwayendera pofuna kukumbukira imfa ndi kuwapemphera ndi Sunnah, pamene kunyamuka ulendo wautali chifukwa cha manda okha maulama adasiyanapo maganizo, potengera kamvedwe ka Hadith ya mizikiti itatu. Mphunzitsi afotokoze kusiyanaku gulu lisanakwere galimoto, kuti pasadzakhale mkangano pamanda.

Ndipo amene thumba silikumulola kukafika ku Zanzibar asadandaule. Fort Lister, Mangochi ndi Nkhotakota zili m'dziko mwathu momwemuno, pasipoti siifunika. Atenge kope, akakhale pansi ndi akuluakulu a m'mizikiti yakale, awafunse amene adawaphunzitsa ndi amene adaphunzitsa aphunzitsi awowo, alembe maina nthawi isanathe. Allah ndiye Wodziwa bwino koposa, ndipo tikumupempha kuti atipatse maphunziro opindulitsa.